Makalata Asanu ndi Awiri m'Dilowa ya Makina

Wokondedwa mng'ono wanga,

Ndiyambe ndi kukufunsa moyo. Uli bwanji kumeneko? Chifuwa chimene unkatsokomola pa foni chija chatha? Ndi ufa wa kuntchito kwakoko umenewo, uzimanga kansalu kumphuno pokanda buledi. Kuno tili bwino. Alamu ako ali bwino, kupatula bondo lija limene limawawa pokhapokha pakapezeka katundu wonyamula. Mwana wako Kabatani ali bwino, dzino lachiwiri lakutsogolo laguluka.

Ukudabwa kuti ndalemberanji kalata pamene foni ilipo. Pa foni ndimanama msanga. Pakamwa panga umapadziwa, pamathamanga kuposa makina anga osokera. Ndiye werenga mpaka kumapeto, ukafuna kundinyoza udzandinyoze utamaliza.

Lamulungu lija unandiuza kuti ukusiya koleji. Unati watopa kudzuka m'mamawa kukaphika buledi, masana n'kuthamangira m'kalasi ufa uli m'zikhadabo, zonsezo kuvutikira mwana amene wakuiwala. Unati wamulembera makalata asanu ndi awiri koma iye osakuyankha, ngakhale kukujambulira kankhuku. Unati akamva kuti amayi ali pa foni amathawira kuseri kwa nyumba. Unati mwezi uno ukatha ukwera basi, uphunzitsi ukhale.

Ine ndinakuyankha kuti zili ndi iwe. Mkulu wako, wokulera, mawu anga onse anali omwewo. Ndipo nditaika foni pansi ndinabwerera pa makina n'kuyamba kuimba nyimbo. Ndinasangalala, mng'ono wanga. Mtima wanga unati, abwere, adzakhale ngati ife tonse.

Makalata ako Kabatani sanawalandire. Onse asanu ndi awiri anali m'dilowa yakumanja ya makina anga, pansi pa mazipi akale. Amayi ogulitsa nsapato aja, amene umawapatsira akabwera kumeneko kudzaoda katundu, alibe mlandu. Mwezi uliwonse ankandipatsa m'manja. Iwe ukandifunsa pa foni ngati afika, ndinkati afika, ndipo pamenepo pokha sindinkanama.

Sindikufuna kudziyeretsa, koma ndikuuze mmene zinayambira.

Ukukumbukira chitseko cha khitchini kwathu? Unali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, mamina ali kumphuno, ine ndikulemba zilembo ndi khala pachitsekopo, iwe ukubwereza. Nthawi imeneyo aliyense ankadziwa kuti wodzakhala mphunzitsi m'nyumba mwathu ndine. Aphunzitsi akatuluka ankandisiyira ine kalasi. Kenaka amayi anadwala, kutatsala chaka chimodzi kuti ndilembe mayeso omaliza. Panafunika munthu wowatembenuza pabedi, ndipo iwe unali wamng'ono. Ndinapinda yunifolomu n'kuiika m'sutikesi, ndikuti ndibwerera chaka chamawa. Yunifolomu imeneyo ndi imene ndinadzaichepetsa kuti uvale iwe.

Sindinadandaulepo. Kapena ndinene kuti sindinadandaulepo mokweza.

Utandiuza kuti wapeza malo ku koleji, mayi wa mwana mmodzi wopanda mwamuna wokuthandiza, ndinalulutira zenizeni. Kabatani ndinamulandira ndi manja awiri. Diresi labuluu lokayambira sukulu ndinakusokera ndine, ndipo ndinalisoka ndi mtima woyera. Kaduka kanabwera pambuyo, pang'onopang'ono.

Kanayamba ndi makasitomala. Munthu ndikumuyeza m'chiuno, tepi ili m'khosi, iye n'kumandiuza kuti mng'ono wanu uja ndiye ali ndi mutu. Wina anati makolo athu akanakhala moyo akananyadira kuti m'banjamo mwatuluka wophunzira mmodzi. Mmodzi! Ine ndinaseka nawo, mapini ali pakamwa. Alamu akonso tsiku lina anaonetsa anzawo chithunzi chako uli patsogolo pa bolodi, choko chili m'manja, n'kumati onani aphunzitsi athu. Palibe amene anafunsa kuti diresilo anasoka ndani. Tsiku limenelo sindinawalankhule mpaka dzuwa kulowa, iwo osadziwa chimene alakwa.

Ndiye kunabwera kalata yoyamba. Paja unamulonjeza Kabatani pokwera basi kuti uzimulembera mwezi uliwonse, kalata yakeyake ya zilembo zikuluzikulu, kuti adzaphunzirire kuwerenga pa mawu a amayi ake. Ndinaitsegula ndi cholinga chabwino, kuti akaweruka kusukulu ndimuwerengere. Koma mkatimo munalinso kapepala kanga.

Kapepala kameneko ndikukadziwa pamtima. Unandilembera ndondomeko, choyamba, chachiwiri, mpaka chachisanu ndi chimodzi, ya mmene ndingawerengere kalatayo ndi mwana. Unati ndisamuloweze mayina a zilembo ngati kale, masiku ano ku koleji mukuphunzira kuyamba ndi maliwu. Unati njira yakale ija imachedwetsa ana. Ndipo pansi unawonjeza kuti ndikapanda kumvetsa ndikuimbire, undifotokozera.

Undifotokozera! Iwe, wa mamina uja? Njira imene inakuchedwetsa mpaka kukufikitsa ku koleji? Ndinaponya zonse m'dilowa n'kutseka, ndikuti ndimupatsa mawa mtima ukatsika. Mawa lakelo mtima sunatsike.

Sabata yomweyo ndinatenga nsalu yakuda yotsala pa suti ya munthu, ndinaikhoma kukhoma pafupi ndi makina, n'kutenga choko changa chojambulira nsalu. Ndinamuitana Kabatani. Umadziwa mmene kalasi yawo ilili, ana ndi ochuluka moti aphunzitsi sadziwa n'komwe kuti wakumbuyo ali maso kapena wagona. Miyezi yonse ija anali asanagwire kanthu. Ndinati ndione ngati njira yochedwetsa ija yafadi.

Mng'ono wanga, mwana wako ali ndi mutu. Ankaweruka, kuponya chikwama, n'kukhala pa kampando pambali panga. Ine phazi lili pa makina, maso ali pa msoko, pakamwa pakuphunzitsa. Tinayamba ndi dzina lake, kenaka mayina a makasitomala amene ndimalemba m'kope la miyeso. Pofika mwezi wachinayi ankandiwerengera yekha kuti siketi iyi ndi ya ndani, thalauza ili ndi la ndani. Ndinamuphunzitsa masiku a sabata ndi miyezi ya chaka. Zaka makumi awiri ndikusoka, sindinakondwepo ndi ntchito ngati mmene ndinkakondwera ndi kansalu kakuda kaja.

Koma kalata yachiwiri itafika, mwezi wachiwiri uja, ndinaopa. Ndinati akaona zilembo zako zokongola za ku koleji, ine ndibwerera kukhala telala. Sindinaitsegule n'komwe. Yachitatu inalowa m'dilowa mosavuta. Pofika yachisanu dzanja linkangochita lokha.

Miyezi yoyamba ankandifunsa. Akaona amayi a nsapato akudutsa ndi chikwama chawo ankathamangira kwa ine, kufunsa ngati amayi atumiza kalata yake. Ndinkamuuza kuti amayi atanganidwa, sukulu ya akuluakulu ndi yovuta. Kenaka anasiya kufunsa, n'kusiyanso kubwera pa foni. Sanakuiwale ayi. Ankaganiza kuti iwe ndiwe wamuiwala, ndipo ine ndinkaona zonsezo n'kukhala chete.

Loweruka lapitali m'mawa kunabwera namwino wina kudzayesa diresi lake. Ndinagwada pansi ndikupinda m'munsi, mapini ali pakamwa monga mwa masiku onse. Choko chinandithera, ndiye ndinamutuma Kabatani kuti akatenge china m'dilowa. Ndinaloza ndi mutu, osanena kuti yakumanzere. Iye anatsegula yakumanja.

Kenaka ndinamva mawu ake, akuwerenga dzina lake pa emvulopu, pang'onopang'ono, chala chili pansi pa chilembo monga ndinamuphunzitsira. Anatulutsa kalata yoyamba ija, yotsegula kale, n'kuiwerenga mokweza. Unalemba kuti Kabatani wanga, ndine amayi, ndakusowa, ndikulemberanso mwezi wamawa. Sanaphonye ngakhale liwu limodzi.

Namwino uja anaomba m'manja. Anati mwana wamng'ono chonchi akuwerenga chotere, amamuphunzitsa ndani? Taona mmene Mulungu amachitira. Funso limene ndakhala ndikulilakalaka moyo wanga wonse linabwera nditagwada pansi, ndikulephera kudzutsa mutu.

Kabatani anayala maemvulopu onse pa tebulo lodulira. Paja iwe umalemba mwezi pakona, mwaukhondo wako wa ku koleji. Bodza linali litafika kale pakamwa panga, loti onse afika dzulo pamodzi. Koma iye anayamba kutchula miyeziyo, umodziumodzi, n'kumaisanja bwinobwino kuyambira woyamba. Miyezi imene ndinamuphunzitsa ndekha. Atamaliza anandiyang'ana n'kufunsa kuti amayi aakulu, munkawaona makalatawa mukamatenga zipi?

Ndinalavula mapini m'dzanja n'kumuuza kuti eya, ndinkawaona.

Sanalire. Bwenzi zili bwino akanalira. Anawasonkhanitsa n'kulowa nawo kuchipinda, ndipo anakhala komweko mpaka masana, ndikumumva akuwerenga motsitsa, akakakamira n'kubwerezanso. Palibe pamene anandiitana kuti ndimuthandize. Namwino anavula diresi mwakachetechete n'kunena kuti adzabwera tsiku lina.

Alamu ako atamva anangogwira pakamwa. Anati akhala nane zaka khumi ndi zisanu koma sankadziwa kuti m'dilowa ya makina mungalowe nkhanza yotere.

Lolemba Kabatani ataweruka ndinamuikira kampando kake monga kale. Anadutsa. Ndinamuitana kuti tiphunzire, iye anandiyankha mwaulemu ndithu kuti adikira amayi ake, chifukwa amayi ake ndi aphunzitsi enieni. Nsalu yakuda ija ikadali kukhoma, mawu a Lachisanu akadali pomwepo. Ndikulephera kuwafufuta.

Ndikuuze zoona zonse, popeza ndayamba. Akanapanda kutsegula dilowa ija, sindikudziwa ngati bwenzi ndikulemba kalata ino. Mwina bwenzi ndikukudikira pa siteji mwezi ukatha, kukulandira chikwama, kukupepesa kuti zimachitika, mumtima ndikuvina. Ndipo usaganize kuti kaduka kathera pomwepa. Ngakhale pano ndikaganiza za iwe utaima patsogolo pa ana, iwo akuimirira kukupatsa moni, pamtima pamandiwawa. Malo amenewo ndinkawafuna ine ndisanadziwe n'komwe kulowetsa ulusi pa singano.

Koma tamvera, iwe. Usakwere basi imeneyo. Chifukwa chimene unkasiyira sukulu chinali bodza, ndipo bodzalo ndinasoka ndine. Mwana wako makalata ako amagona nawo pansi pa pilo. Wandifunsa kale kawiri kuti Lamulungu lifika liti kuti alankhule nawe. Kwatsala miyezi isanu yokha kuti upite kokaphunzitsa moyeserera. Ine ndinapinda yunifolomu ndikuti ndibwerera chaka chamawa, ndipo ndikudziwa bwino kumene chaka chamawacho chimathera. Nyumba yathu isapinde yunifolomu kawiri.

Ukafuna kundida, undide uli komweko, mabuku ali m'manja. Ukafuna kumuchotsa Kabatani kuno, kuti akakhale kwa azakhali kapena kwina kulikonse kumene ungakhulupirire, sindikukaniza. Ndidzamulongedzera ndekha, ngakhale kuti nyumba ino idzandikulira. Koma ukamusiya, ndakambirana kale ndi amayi a nsapato kuti makalata azimupatsa mwiniwake m'manja, asamadutsenso pa makina anga.

Kapepala kako ka ndondomeko kaja ndakawerenganso dzulo, mtima uli pansi. Chachitatu ndi chachinayi ndi zanzeru, ndavomera. Zinazo tidzakangana ukadzabwera ndi satifiketi.

Undiperekere moni kwa mnzako wogona naye chipinda uja, umuthokoze pokusungira malo m'kalasi ukachedwa. Moni kwa amayi eni nyumba. Alamu ako akuti limbikira, ndipo akuti chithunzi china utumize. Mulungu akusunge, akupatse mphamvu m'manja ndi m'mutu, akupatsenso mtima wondikhululukira pa nthawi yako, osati yanga.

Amayi a nsapato akupatsa maemvulopu awiri. Inayo ndi ya Kabatani, wakuyankha. Walemba yekha masiku atatu, chitseko chotseka. Nditamuuza kuti abweretse ndiike pamodzi ndi yanga, anaibisa kumbuyo n'kupita nayo yekha kukapereka. Zimene walembamo sindikuzidziwa, ndipo ndikuyenera kusazidziwa.

Uyambe kuwerenga yakeyo. Koma ukamawerenga, uyang'anitsitse dzanja lake. Zilembo zake zimapendekera kumanzere, ngati zanga, ngati mmene zako zinkapendekera pa chitseko cha khitchini koleji isanaziwongole. Chimenecho chokha usandilande.

Ndine mkulu wako,
wa pa makina