Pokanoket amatha, Pempho amawakanika

Lolemba, 18 Novembala

Pempho wabwera ndi mbali yake ya sewero la Thanksgiving, chikondwerero chothokoza cha kuno ku Amereka. Azikafotokoza za a Pokanoket, eni nthaka amene azungu oyamba aja adawapeza. Mphunzitsi wake, Samantha, akuti m'mawa uliwonse amawabwerezetsa ana Po-ka-no-ket mpaka lilime lizolowere, eti kulakwitsa dzina la anthu n'chipongwe. Zoonadi. Koma mayi yemweyu chitsegulireni sukulu, mwana wanga amangomuitana "Miss P". Ndaseka ndekha kukhitchini, kuseka kwa mkwiyo.

Lachitatu, 20 Novembala

Ndawauza bambo ake. A Fiskani osadzutsa n'komwe mutu pa laputopu. "Mayi a Pempho, kuno n'ku Amereka, osamavutitsa anthu." Ndimayembekezeranji kwa munthu amene kuntchito amadzitcha "Fisk"? Ngati mankhwala ophera mphemvu. Mzungu akapunthwa pa dzina lawo, opepesa amakhala iwowo.

Lachinayi, 21 Novembala

Ndapita ndekha kukamutenga kusukulu. Samantha ndamutchulira dzina la Pempho pang'onopang'ono, ngati ndikumwetsa khanda phala. Iye mano onse pamtunda: "Oh, it's so beautiful, I'd hate to ruin it!" Basi, osayesa n'komwe. Ulemu wake ngwa anthu a m'buku, osati kamwana kamene kamakhala pamphuno pake tsiku lonse. Wandinyansa.

M'galimoto Pempho: "Mom, you embarrassed me."

Lachiwiri, 26 Novembala

Sewero lija. Mwana wanga watchula Pokanoket mosaphonya, holo yonse m'manja. Pomaliza ana aja amadzitchula mmodzimmodzi. Wanga wayandikira maikolofoni n'kuti "Penny". Akuti adasankha yekha sabata yatha, bambo ake n'kuvomera. A Fisk ali kalikiliki kujambula vidiyo.

Zaka zonse zija ndikulira kwa Mulungu kuti andipatseko mwana. Atabadwa, achimwene anga a Goodwin adamunyamula kuchipatala ku Zomba misozi ili mbwembwembwe, n'kuti uyu ndi Pempho. Lero Penny. Mtima ukundiwawa, sindinadye.

Lachinayi, 28 Novembala

Thanksgiving ija ndi lero. Nkhukundembo youma ngati chinangwa cha dzana. Alendo a a Fisk aidya, ati njokoma.

Loweruka, 30 Novembala

Tsiku lobadwa la Pempho. Achimwene aimba pa vidiyo monga achitira chaka chilichonse, poti dzina adapereka ndi iwo. Shuga wawawononga maso, sakuonanso bwino.

"Pempho! Ali kuti Pempho wanga?"

Ndamupatsira foni pa sofa pomwe anakhala.

"Hi uncle, it's Penny."

Achimwene ayandikitsa nkhope pa foni, kutsinzinira. "Zikomo mwanawe, uli bwanji? Tandiitanirako mnzakoyo Pempho, ndi tsiku lake lero."

A Fisk anyamuka mwakachetechete, ati akukaona galimoto. Pempho wandiyang'ana, foni ili m'manja. Sindinamuthandize.

"Halo? Wapita kukamuitana?" achimwene afunsanso.