Kwa Banja la Adada Stafford Chavula, Amene Anatiuza Kumene Chisanu Chimagona

Amama NyaSoko, ana ndi abale onse,

Ife amayi a kalabu ya alimi a tomato ya Tikoleraneko kuno ku Champhira, talandira ndi mitima yosweka uthenga woti amuna anu, adada Stafford Chavula, atisiya ku chipatala cha Embangweni. Mawu atithera, pakuti atisiya mwezi wa Juni, nthawi imene maso athu onse ankakhala pa iwo, ndiponso tomato wanu ali pa maluwa kudimba kopanda womuyang'anira.

Ine sukulu sindinapite nayo patali, ndipo zozungulira sindizitha. Adadawa atapuma ntchito ya ulangizi n'kuyamba kubwera ku madimba athu, ndinawaona ngati munthu wosowa chochita. Chaka chimenecho tinali titamanga mpanda wa udzu wothithikana kuzungulira dimba la kalabu, kuopa mbuzi, koma tomato anapsa ndi chisanu m'munsi monse, masamba bii ngati wina wawathira madzi otentha. Iwo anayang'ana n'kunena kuti, "Amama NyaHara, mbuzi mwazitsekera kunja, koma chisanu mwachitsekera m'kati. Boolani mpandawu kumunsi."

Ndinati, "Adada, tomato wapita, mukufuna mbuzi zidye ndi mitengo yomwe?"

Anaseka. Anati ndibwere m'mamawa dzuwa lisanatuluke, ndiime m'dambo, kenako ndikwere nawo kamtunda kali pafupi. Ndinapita ndi mkwiyo wanga. M'dambomo zala zinauma ndi kuzizira. Titangokwera pang'ono, mpweya wofunda unandikhudza kumaso ngati ndalowa m'nyumba ya munthu. Ndabadwira konkuno, ndakalambira konkuno, osadziwa kuti pamwamba pa mitu yathu Chiuta amayala kufunda pamene pansi pakuuma.

Anatifotokozera kuti kumwamba kukayera, mphepo n'kuleka, nthaka imataya kutentha kwake, ndipo mpweya wozizira, poti ndi wolemera, umatsetsereka ngati madzi n'kukaima pamene wapeza chotchinga. Koma kamphepo kakangodutsa, kamatakasa wofunda uja n'kuutsitsa, mbwenu tomato wapulumuka. Ankatinso masiku ano usiku ukufunda kuposa kale, koma pofuna kudziwa mmene dziko lasinthira tisamangodalira kachipangizo kawo koyezera kuzizira kamene ankakoleka pafupi ndi nthaka, chifukwa pansipa pamasintha msanga ndi kanthu kochepa. Zina sindinkazimva, sindinama. Zimene ndinamva zinatidyetsa.

Chiyambire pamenepo tinasamutsira nazale kumtunda, tinasiya mpata kumunsi kwa mpanda uliwonse n'kuutchinga ndi minga yokha, ndipo alimi a ku Jenda mpaka ku Euthini ankabwera kudzaona. Adadawa sanapemphepo kanthu. Ine amene ndimakangana ndi mavenda mpaka mawu kusasa, ndinalephera kuwakakamiza kulandira ngakhale beseni limodzi. Ankangoti, "Yewo chomene, kagulitseni."

M'malo mwa mamembala onse, ndikupereka chipepeso chochokera pansi pa mtima kwa inu amama, kwa ana anu Tumbikani ndi Melissa, kwa mpingo ndi kwa mudzi wonse. Chiuta amene anapatsa malemuwa maso oona zosaoneka akupatseni mphamvu ndipo akupukuteni misozi.

Tsono imvani ichi. Tikudziwa kuti simungapite kudimba muli pa maliro, ndipo kumwamba kwayera mbee chiyambire dzana, mphepo kulibe. Musatume mwana, musadzuke pa mphasa. Tagawana kale: madzulo aliwonse amayi azikafunditsa tomato wanu ndi udzu, m'mawa azikavundukula, mpaka mudzamete. Ena mwa achibale ndamva akuti dimbalo lingosiyidwa chaka chino. Ayi, pepani, limenelo sitilola. Inu lirani amuna anu. Tomatoyo adzafika pamsika, ndipo ndidzakagulitsa ndine.

Mzimu wawo uuse mumtendere.

Esme NyaHara
Wapampando, Kalabu ya Tikoleraneko, Champhira