Za Membala Amene Anatsala ku Dziwe la Njovu

KALABU YA TIYENDE TIONE
Zolembedwa za msonkhano wapadera wa komiti

Tsiku: Loweruka, 18 Okutobala
Malo: chipinda cha aphunzitsi, pasukulu ya a Hedi

Opezeka: Wapampando; a Hedi (wachiwiri kwa Wapampando); a Makaniko (oyendetsa minibasi ya kalabu); a Nesi (oona zaumoyo, mlamu wa Wapampando); a Kamera (ojambula zithunzi); Mlembi.

Osapezeka: Mayi Telala, akazi a Wapampando (koma onani ndime 6).

1. Kutsegula

Msonkhano unayamba 3 koloko masana malinga ndi wotchi ya Wapampando, poti ya pakhoma inaima kalekale. A Hedi anapemphera, napempha nzeru zochuluka. Mlembi anaitana mayina. Atafika pa dzina la Mayi Telala, Wapampando anatsegula pakamwa ngati ayankha, kenako anangotsokomola.

A Nesi, omwe ndi mkulu wawo wa Mayi Telala, anafunsidwa ngati abwera ndi mawu opepesa. Iwo anati, "Alamu, ine zoyankhira anthu ndinasiya. Funsani maso anu." Wapampando anayang'ana mipando, milu ya makope ndi kabati ya zikho za mpira, nalamula kuti alembedwe kuti palibe.

2. Cholinga cha msonkhano

Wapampando anati ayitanitsa komiti pa nkhani imodzi yokha. Chibwerereni ku ulendo wokaona nyama kunja kwa dziko, amayi a kunyumba kwawo sanapondeko pakhomo. Anatsikira kwa a Nesi ndipo foni sakuyankha. Wapampando anapempha komiti kuti ilembe mfundo yonena kuti zomwe zinachitika ku dziwe la njovu inali ngozi ya gulu lonse, osati kulakwa kwa munthu mmodzi, kuti iwo akaitenge mfundoyo ili ndi chidindo cha kalabu kukaonetsa kwa akazi awo.

Anawonjezera kuti nyumba yawakulira, kuti ayironi yawotcha kale malaya awo a tchalitchi, ndipo kuti galu akuwayang'ana ngati mlendo. Mlembi akulemba izi poti ndi zoona: munthuyu akuvutikadi.

3. Lipoti la ulendo

A Hedi anawerenga lipoti. Anati ulendo wa pamsewu unayenda bwino kupatula matayala awiri amene anaphulika, radiyeta imene inabwata pachitunda chilichonse, ndi theka la tsiku limene gulu linathera pachipata cha m'malire chifukwa a Kamera anajambula mlonda wosafuna kujambulidwa. Anayamikira Mayi Telala amene anasoka malaya ofanana a mamembala onse, kusoka tenti imene inang'ambika usiku woyamba, ndi kuphikira gulu ulendo wonse. Mayi Telala anakhala mpando wakumbuyo pamodzi ndi mapoto ndi zigubu, poti mpando wakutsogolo unali wa Wapampando kuti aziona njira.

M'nkhalango yosungira nyama gulu linaona njovu, mbidzi, njati, mvuu ndi kadyansonga. Anyani anabwera okha osawafuna ndipo anapita ndi buledi. Nyalugwe, amene Wapampando anamuika pachithunzi choitanira anthu ku ulendo ndi kulonjeza kuti aliyense adzamuona, sanaoneke. A Hedi anati Wapampando anayesetsa, popeza anagula chipewa chachikulu ndi magalasi oonera kutali, ndipo sanawachotse kumaso ngakhale pakudya.

Tsiku lomaliza gulu linakwera nsanja yamatabwa yoyang'ana dziwe la njovu, pamalo pokhapo pamene alendo amaloledwa kutsika galimoto. Anthu ali mkati momwa tiyi, mperekezi wa m'nkhalangomo anamva pa wailesi yake kuti nyalugwe waoneka kumbali ina. Onse anatsika makwerero mothamanga. Mlembi anaitana mayina m'minibasi monga mwa lamulo la ulendo, ndipo dzina lililonse linayankhidwa kuti alipo. Minibasi inanyamuka. Mayi Telala anali akadali pamwamba, akutolera makapu amene gulu linasiya.

Nyalugwe uja sanapezeke. Gulu linazungulira masana onse likuyang'ana m'mitengo.

4. Amene anayankha

A Hedi anakumbutsa komiti kuti kuyankhirana si kwachilendo m'kalabu muno. Malamulo amafuna anthu okwanira kuti msonkhano uchitike, ndipo poti anthu sakwanira kawirikawiri, chiyambireni kalabu amene wabwera amayankhira amene sanabwere. Anati mwambowu wathandiza kwambiri, ndipo malemu a Kalipentala anapezeka pamisonkhano iwiri ataikidwa kale m'manda.

A Nesi anati sakufunsa za mwambo, akufunsa za pakamwa pamene panatuluka mawuwo.

Wapampando anati injini inali kulira ndipo mawu anali ambiri. A Makaniko anati iwo maso awo anali pamsewu, koma khutu lawo la kumanzere limamva bwino, ndipo kumbali imeneyo kunali munthu mmodzi yekha, wovala chipewa chachikulu. A Kamera anati foni yawo inali ikujambula nthawi yonseyo podikira nyalugwe, ndipo ngati komiti ifuna akhoza kuyatsa kuti onse amve. Wapampando analamula kuti batire la a Kamera lisungidwe.

Pambuyo pake Wapampando anati ngakhale zitakhala kuti anayankha ndi iwo, anayankha mwa chikhulupiriro. Anati m'zaka zonse za ukwati wawo sanatembenukepo n'kupeza akazi awo palibe, motero kutembenuka anasiya. "Kodi munthu amacheuka kuti aone ngati msana wake ulipo?" anafunsa motero. A Hedi anati mawuwo ndi achikondi ndipo alembedwe. A Nesi anati akuluakulu ananena kuti ukayenda siya phazi, sananene kuti siya mkazi. A Makaniko anaseka mpaka anatulutsidwa panja kwa kanthawi.

Apa tiyi anafika kudzera pa kawindo ka khitchini imene inadulidwa ndi matabwa kumapeto kwa chipindacho. Dzanja linkaika makapu imodziimodzi, a Kamera n'kumagawa. Wapampando atalawa anadandaula kuti kapu yawo yokha ilibe shuga pamene anzawo onse akunyambita milomo, ndipo anapempha a Hedi kuti akadzudzule wophika wa pasukulupo. Dandaulolo linalandiridwa.

Zokambirana zitapitirira, a Hedi anati mlandu ukagwera Wapampando kalabu ichita manyazi, ukagwera a Makaniko kalabu isowa woyendetsa, ukagwera Mlembi kalabu isowa wolemba mlanduwo. Anapereka ganizo loti ugwere nyalugwe, popeza ndiye anathamangitsa anthu, ndipo sangabwere kudzadziteteza. A Kamera anavomereza.

Mfundo: komiti inapeza kuti Mayi Telala anatsala ku dziwe chifukwa cha nyalugwe. A Nesi okha ndi amene anakana.

5. Amene anayamba kuzindikira

Wapampando anapempha kuti zilembedwe kuti ndi iwo amene anayamba kuzindikira kuti akazi awo palibe, ndipo ndi iwo amene analamula a Makaniko kubwerera, dzuwa litapendeka. Komiti yonse inavomereza kuti izi ndi zoona.

A Nesi anapempha kuti zilembedwenso mmene anazindikirira. Wapampando anati zimenezo n'zosafunika. A Nesi anati ngati komiti ikulemba mutu ilembenso mchira. Mlembi, amene anakhala kumbuyo kwenikweni kwa Wapampando m'minibasi, anafunsidwa. Anafotokoza kuti Wapampando anatambasulira dzanja kumbuyo, maso akadali m'magalasi oonera kutali, nati, "Mayi, mapiritsi anga." Anabwereza kawiri. Dzanja litatopa ndi pamene anatembenuka.

Wapampando anati chachikulu n'chakuti anabwerera. A Nesi anati wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko, ndipo matenda a shuga ndi amene ayenera kuthokozedwa.

A Hedi anamaliza lipoti. Gulu litafika pansanja linapeza makapu otsukidwa ali m'beseni, mwini wake palibe. Wapampando anaitana mpaka mawu anasasa, ndipo mperekezi anachita kuwagwira kuti asalowe m'tchire. Mayi Telala anapezeka pachipata cha nkhalango, atatengedwa ndi lole ya alendo ena oyenda pamsewu ngati ife. Anali bwinobwino. Anapereka mapiritsi, nakalowa pampando wawo wa pakati pa mapoto, ndipo kuchokera pamenepo mpaka kuwoloka malire sanalankhule ndi munthu.

6. Zina ndi zina

Wapampando anafunsa ngati pali zina. Chitseko cha khitchini chinatseguka ndipo Mayi Telala anatuluka atanyamula thileyi. Anati anafika anthu onse asanabwere, popeza mwezi uno ndi wawo wophika tiyi monga anagawira Wapampando eni ake, ndipo matabwa a khitchiniyo ndi opyapyala. A Hedi anaimirira, nakhalanso pansi. Wapampando anayang'ana kapu yawo yopanda shuga kwa nthawi yaitali.

Mayi Telala anapempha kuti mawu awo alembedwe monga awanenera, ndipo Mlembi wachita momwemo.

"Tsiku lija kunalibe ine, munalemba kuti ndilipo. Lero ndilipo, mwalemba kuti palibe. Zimenezo ndazolowera, sindikudandaula. Chimene ndatulukira ndi nkhani ya nyalugwe. Musamunamizire.

"Mutanyamuka ndinakuwa, ndinagwedeza nsalu, fumbi lokhalokha. Ndinachita mantha, sindinama. Njovu zinabwera kudzamwa pansi pangapo, ndikumva mimba zawo zikulira. Kenaka ndinati nanga nditani, ndinakhala pabenchi, ndinadzithirira tiyi wotsala mu fulasiki. Ndinamwa akadali wotentha, popanda wondiitana. Chikwatiwireni sindikumbuka kuti zimenezo zinandichitikirapo.

"Phokoso lanu litatha, nyalugwe wanu uja anatuluka mu udzu. Nthawi yonse ija anali pompaja. Anamwa madzi mosathamanga, kenako anadzutsa mutu n'kundiyang'ana. Sanayang'ane fulasiki, sanayang'ane chikwama. Anandiyang'ana ine, bambo, nthawi yaitali, mpaka ndinakonza duku. Paulendo wonse uja ndi yekhayo amene anandiona, ndiye mukuti mlandu ndi wake?"

A Kamera anafunsa ngati anajambula. Mayi Telala anati foni yawo inali m'thumba mwa Wapampando, poti ya Wapampando inatha moto.

Kenako anatulutsa kabotolo ndi kapaketi m'chikwama naika patebulo. Anati kunyumba mankhwala ayenera kuti atsala pang'ono kutha, ndiye anadzera kuchipatala kukatenga ena. Oyera ndi a m'mawa, aang'onowo ndi a madzulo, onse akumwa atadya. Shuga ayi, ngakhale a Hedi adzudzule wophika.

Wapampando anaimirira, navula chipewa chimene sichinali pamutu, ndipo anati, "Mayi a ana, ndalakwa. Yankho lija ndinayankha ndine." Komiti inalandira mawuwa ngati nkhani yatsopano. Anafunsa kuti kunyumba abwera liti.

Mayi Telala anati, "Mukafika kunyumbako, mukaitane dzina langa, n'kudziyankha nokha kuti alipo. Zaka zonsezi mwakhala choncho ndipo simunaone vuto."

Anasiya thileyi patebulo ndipo anatuluka. A Nesi anatola chikwama chawo nawatsatira. Palibe amene anaseka. Mlembi akuvomera kuti cholembera chinamulemera, ndipo sakudziwa kuti amamvera chisoni ndani mwa awiriwo.

A Hedi anachotsa ganizo lawo la m'ndime 4, motero nyalugwe alibe mlandu. Mfundo imene Wapampando anapempha m'ndime 2 sinalembedwe, ndipo chidindo chinabwezedwa m'thumba. A Makaniko anapereka ganizo loti kuyambira lero aliyense aziyankha dzina lake yekha. A Hedi anachenjeza kuti zikatero misonkhano yambiri izilephereka. Ganizolo linadutsa, Wapampando atakweza dzanja poyamba.

7. Msonkhano wotsatira

Udzachitika Loweruka loyamba la mwezi wamawa pamalo omwewa, ngati anthu adzakwanire. Nkhani ya ulendo wa chaka chamawa wokaona mikango yaimikidwa.

8. Kutseka

Poti anthu anali atachepa, msonkhano unatha wokha 5 koloko isanakwane, popanda pemphero. Wapampando anamwa tiyi wawo wozizira mpaka pansi pa kapu, naika mankhwala m'thumba la malaya, kenako anatolera makapu onse kupita nawo kukhitchini. Mlembi potuluka anawamva akutsegula makabati imodziimodzi, akufunsa motsitsa mawu kumene sopo amakhala. Palibe amene anawayankha.

Wasaina: Mlembi

Wapampando: sanasaine, manja anali onyowa.