Chipewa Chimodzi, Anthu Atatu

Okondedwa azakhali,

Ndikhulupirira kuti mwendo uja wasiya kukuvutani. Kuno tilipo, kungoti tulo ndi tochepa.

Nkhani ija yoti asilikali ndi ozimitsa moto ongodzipereka awachotsereko msonkho, pa wailesi akukanganabe mpaka lero. Koma achimwene analembetsa kalekale kukhala ozimitsa moto, potsatira nzeru za amuna anu. Muwauze kuti sindinaiwale.

Tsopano nsapato za achimwene zimakhala pakhomo, kuti foni ikangolira angopondamo. Lachiwiri kunapsa nyumba yosungiramo matabwa. Anabwerako opanda nsidze, akuseka, amvekere: "Chemwali, ndameta ulere!" Ine sindinaseke. Chipewa cholimba chodzitetezera pozimitsa moto ali nacho chimodzi anthu atatu, amavala mosinthana sabata ndi sabata. Mmodzi mwa anzawo awiri amene analibe chipewa tsikulo ali m'chipatala. Mkazi wake wasiya kuyankha tikamufunsa, ndiye nanenso ndasiya kufunsa.

Sabata yamawa chipewacho si cha achimwene.

Azakhali, inu amakumverani. Chonde ayimbireni lisanafike Lolemba. Nsapato ndazibisa pansi pa bedi langa, koma munthuyo ndimamudziwa: apita ndi patapata.

Ndine mwana wanu wapakamwa uja.