Thirakitala Yalowa m'Kontena

Mphwanga Harvey,

Uli bwanji ndi ana ku Ndola? Kuno ku Nsefu tadzuka, kutentha kokha. Akundilembera ndi apongozi anga a Gladys, poti ine cholembera sindichidziwa.

Kontena unatumiza ija inafika Lachiwiri. Ukukumbukira mmene afisi anatafunira matayala a thirakitala chaka chatha, mpaka tinalima mochedwa. Tsono mwana wanga Kondi atayesa kulowetsa thirakitalayo m'kontenamo, denga lake linakakamira pakhomo, zala ziwiri zokha. Anthu anaseka. Aneba athu a Zulu anati, "A Yotamu, mwagulira nkhuku nyumba yachitsulo."

Kondi anafuna kudula dengalo. Ine ndinakhala pansi, kuyang'ana. Kenako ndinati, "Phwetsani matayala pang'ono." Inatsika ngati ng'ombe ikugwada, n'kulowa. Pulawo nayo inapeza malo. A Zulu anangokanda mutu.

Dzulo tinapeza mapazi a afisi kuzungulira kontena yonse, matayala ali bwinobwino. Mvula ikagwa, oyamba kulima ndife.

Kondi wayambanso kukamba zopita kukagwira ntchito ku Mfuwe. Makiyi ndasunga ine, koma kuyendetsa sindidziwa. Ukamuimbira foni, umufunseko ngati akupitadi.

Ndine malume ako,
Yotamu