Amene ndinamuphunzitsa kulemba dzina lake ndiye akundilamula

Aphungu,

Ndine mphunzitsi pa sukulu ya mishoni m'mudzi mwathu, kufupi ndi Chipoka. Ndinayamba mu 1937, sukulu ili pansi pa mkuyu, ana akulemba ndi chala pamchenga. Setifiketi ndilibe. Masiku amenewo abusa ankangokupatsa Uthenga wa Marko kuti uwerenge, ukapanda kupunthwa basi ndiwe mphunzitsi.

Mwa ana amene anadutsa m'manja mwanga munali Stanley. Chilembo cha S, choyambira dzina lake lomwe, anachilemba chotembenuza chaka chathunthu. Mu Sitandade 2 anakhalamo zaka ziwiri. Anakwawabe mpaka kumaliza Sitandade 6 kwina, ndipo chaka chatha mishoni itatsegula maphunziro achangu a uphunzitsi, a miyezi isanu ndi inayi yokha, anamutenga. Ine ndinkadziwa kuti miyezi isanu ndi inayi imabala khanda, koma iyi yabala mkulu wa sukulu. Wabwera ndi pepala lodinda, tayi ndi wenzulo. Chitsulo cha njanji chimene ndakhala ndikuimba m'mawa uliwonse zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, lero ndimadikira iye anene kuti nthawi yakwana.

Ulemu amandipatsa, ndisaname. Pagulu amati "aphunzitsi anga", kenako n'kuitanitsa buku limene ndimakonzeramo maphunziro kuti aone ngati ndalemba bwino. Tsiku lina anandilembera ndi inki yofiira kuti, "Yesetsani." Mawu amenewo, Aphungu, ndi anga. Ndinkamulembera iyeyo pa sileti.

Ndiululenso changa. Mwezi watha anasokonezeka pa bolodi ndi samu yogawa, mzungu woyendera sukulu ali chiimire kumbuyo kwa kalasi. Stanley anandiyang'ana. Yankho ndinali nalo, koma ndinayang'ana kunja ngati kukudutsa njovu. Tsiku limenelo chakudya chinandikomera.

Woyenderayo anasiya mawu akuti chaka chamawa wopanda setifiketi sadzagwiranso choko. Malo pa maphunziro achanguwo alipo, koma pakufunika kalata ya mkulu wa sukulu yonena kuti ndine woyenera. Ndiye kuti kalata ya Stanley.

A Omari, msodzi wachisilamu amene anandipatsa mwana wawo Hajara kuti ndimuphunzitse chifukwa ndinawalonjeza kuti ine sindingamubatize mobisa, atamva zimenezi anati, "Mukachoka inu, ana athu onse tichotsa. Ingonenani, tipita tonse kwa mzungu kuti achotse mnyamatayo."

Aphungu, ndili ndi zaka makumi anayi ndi zinayi. Kodi ndikagwade kwa mwana ameneyu, ndiwalole a Omari apite, kapena ndisiye choko ndikakoke khoka ku chilumba cha Mbenji?

J. M., Chipoka

Bambo J. M.,

Kalata yanu ndaiwerenga kawiri, ndipo ndapeza kuti mumalemba bwino kuposa ambiri okhala ndi mapepala odinda. Ndapezanso kuti mwaiwala funso limodzi. Stanley akulephera samu yogawa. Anamuphunzitsa kugawa ndani? Mzungu uja akadafunsa zimenezo, chakudya chanu sichikadakoma.

Zoona, miyezi isanu ndi inayi siingapange mphunzitsi. Stanley akudziwa zimenezo kuposa inu, n'chifukwa chake atapanikizika sanayang'ane setifiketi yake, anayang'ana inu. Munthu amene amakuderani pansi sakupemphani thandizo ndi maso pamaso pa mzungu.

Za ku Mbenji ziiwaleni. Manja amene agwira choko zaka zonsezi sangalimbe pa chingwe cha khoka, ndipo asodzi nawonso ali ndi akuluakulu awo. Mukapezako Stanley wina, wopanda tayi, akukulamulani muli m'madzi.

Chitani izi. Mawa ana akaweruka, mutsale naye m'kalasi awiriwiri. Mutenge choko mumuonetse pamene samu ija inamuthawira, osatchula za Sitandade 2. Mukatha mumuuze kuti tsiku lija munamuona akukuyang'anani, ndipo munalakwa. Zimenezi n'zowawa kuposa kupempha kalata, n'chifukwa chake muyambe nazo. Kalatayo muipemphe tsiku lina, muli chilili ngati munthu wopempha chimene anachigwirira ntchito. Palibe amene wanena kuti mugwade. Kugwadako mwawonjezera nokha. Ndipo ngati alipo munthu m'dziko muno amene angalembe moona kuti ndinu woleza mtima ndi ana ochedwa kumva, ndi yemweyo.

Kumaphunziroko pitani. Mukakhala pa benchi ndi anyamata a msinkhu wa ana anu, ndipo wina akakuphunzitsani mmene munthu amaimira kutsogolo kwa kalasi. Mukameze malovu. Pa zinthu khumi, zisanu ndi ziwiri mukuzidziwa kale. Zitatu zotsalazo mukazimvetsetse, pakuti zaka zambiri pa ntchito zimathanso kukhwimitsa zolakwa. Musanapite, mutenge Stanley mukaonekere limodzi kwa a Omari, awalonjeze ndi pakamwa pake chimene inu munawalonjeza za Hajara, kuti mwanayo asatsale pakhomo inu kulibe.

Chenjezo langa lili pa gulu la a Omari. Akufunirani zabwino, koma musawalole kupita kwa mzungu. Mishoni ikamva kuti makolo agawikana ndipo theka la ana lachoka, siikhala pansi kufufuza kuti wolakwa ndani. Ingotseka sukulu. Pamenepo inu ndi Stanley mudzafanana ndithu monga mukufunira: nonse pakhomo opanda ntchito, iye akudzikupiza ndi setifiketi yake.

Aphungu