Wafaa asabwerere kumudzi

Alexandria
18 Januwale

Okondedwa achimwene a Hamdan,

Mtendere ukhale nanu. Kaya muli bwanji kumeneko ndi alamu ndi ana? Nanga mwendo wa amayi uja ukuwalola kuyenda? Ife tili bwino, tithokoze Mulungu, kungoti chisanu chatikhaulitsa.

Mvula ya kunyanja yagwa masiku anayi osakata. M'kachipinda kathu kapansi kaja munalowa madzi, moti matiresi tinawasanjika pamipando. Alamu anu a Ragab ulonda wawo wapakhomo uja wasanduka kukolopa masitepe, poti aliyense wolowa amabwera ndi matope ake. Ine ndi msuzi wa mphodza tsiku ndi tsiku, ana mpaka ayamba kuudandaula.

Ndalemba kalata chifukwa nkhaniyi sindingainene pafoni iwo ali pompo. Njira yachidule ya kusukulu ya Wafaa imadutsa mumsewu wa masitolo a zovala za akwatibwi. Achimwene, ife kunja tavala majuzi awiriawiri, koma m'magalasimo zidole zangoima ndi tinsalu tofiira toti simungapukutire ngakhale kapu ya tiyi! Ndikamamuperekeza ndimamugwira dzanja n'kumamufunsa masamu mpaka titadutsa.

Lachiwiri ndinagona ndi chimfine, ndiye anamuperekeza bambo ake, atanyamula Gaber paphewa. Wafaa mukumudziwa, chilichonse cholembedwa amawerenga mokweza, kaya pabasi kaya pathumba la shuga. Atafika pagalasi lina anawerenga bwinobwino, mawu ali pamwamba, kuti zovala zosangalatsa mwamuna usiku woyamba zatsika mtengo. Gaber naye, kamwana ka zaka zinayi, anafunsa ngati azakhali amenewo sakumva kuzizira. Tsoka ilo, pafupi pomwepo ndi pomwe alonda anzawo ochokera kwathu amamwera tiyi. Anaseka mpaka wina kutsamwa, ndipo a Fawzi, apakamwa aja, anakuwa kuti a Ragab ayambe kusaka mmisiri wa makabati, mwana wasankha kale katundu wa ukwati.

A Ragab anabwera kunyumba atakwinya nkhope, chakudya osachikhudza. Akuti sukulu ya m'tauni yamuchotsa mwana manyazi, ndiye tchuthi cha pakati pa chaka chikayamba amutumiza kumudzi akakhale ndi amayi athu kwanuko. Ndinawakumbutsa kuti pa ukwati wa mlongo wawo Hoda, zovala zomwezi anazikoleka pakhoma amayi awo enieniwo, akazi a mudzi wonse n'kumabwera kudzazigwiragwira ndi kululutira, tiatsikana tili pompo. Anati izo n'za m'nyumba, osati za pamsewu pamaso pa amuna. Ndinawafunsa kuti nanga wolakwa ndi mwana kapena mwini sitolo. Anangovala chipewa n'kutuluka.

Ndayesa njira ya m'mbali mwa nyanja. Ndi yotalika kawiri, mafunde amalumpha khoma, ndipo dzulo tinafika titanyowa mpaka masokosi. Wafaa wayamba kutsokomola. Ndawauza kuti ndiziyenda yomweyo chaka chonse bola mwana asachoke.

Musaganize kuti ndikuwaneneza. Ndi bambo wabwino, akapeza kangachepe amawagulira ana mbatata yootcha iwo osalawako. Kungoti kusekedwa ndi anzawo kwawalowa mpaka m'mafupa.

Pempho langa ndi limodzi. Lachisanu akatuluka mumzikiti akuimbirani foni kuti mumulandire mwanayu. Inu ndinu malume ake, ndipo mawu anu sawalumpha. Musawakalipire, mudye nawo mutu bwinobwino, koma musavomere. Mukudziwa momwe zimathera. Mtsikana akafika kumeneko amayamba kuthandiza kukama mkaka, sukulu mawa, sukulu mawa, kenaka pakhomo pafika ofunsira. Inenso ababa anandichotsa sukulu ati kwa miyezi iwiri yokha, ndili m'kalasi yachiwiri, inu mukupitiriza. Sindinakusungirenipo chakukhosi, koma lero ndili ndi mantha, achimwene. Ine ngakhale kulemba dzina langa kumanditulutsa thukuta. Zonse mukuwerengazi walemba ndi Wafaa, ine ndikungoyankhula. Muone nokha mmene malembo ake akuongokera.

Kalatayi ndapatsira a Sayed oyendetsa lole aja kuti ikupezeni Lachisanu lisanafike. Mundipsompsonere dzanja la amayi. Moni kwa alamu, kwa azakhali a Nabawiya, kwa ana anu onse mmodzimmodzi, ndi kwa aliyense wofunsa za ife. Mulungu akusungeni.

Ine mlongo wanu,
Sabreen

Malume, ndine Wafaa. Apa ndawonjezera ndekha, amayi sakudziwa. Chonde muwauze ababa kuti sindidzawerenganso mokweza.